Kodi Constantine ndi amene anasankha ampatuko?

Wowerenga wina wa ku Zomba wanditumizira funso lalitali ndithu, ndilidula pang'ono. Akuti pa gulupu ya WhatsApp ya anzawo amene anaphunzira nawo ku sekondale panabuka mkangano, wina nkunena kuti zoti Yesu ndi Mulungu anazipanga ndi mfumu ya Aroma Constantine pa msonkhano wa mabishopu wa ku Nicaea, mabishopu anangoponya voti basi, amene analuza ndi amene anatchedwa ampatuko. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi zimenezi nzoona? Nanga kalelo ankadziwa bwanji kuti ichi ndi chiphunzitso choona, ichi ndi mpatuko? Ine Chikhulupiriro cha ku Nicaea ndimachinena kutchalitchi kuyambira ndili mwana koma pano mutu waima."

Achimwene, mutu usaime. Mnzanuyo pali pena pamene walasa, sindimulanda, koma mbali yaikulu waphonya. Ine mbiri ya mpingo ndaiphunzitsa zaka zingapo ndithu ndipo chaka chilichonse mkalasi simulephera kupezeka wina wobwera ndi nkhani ya Constantine yomweyi, kawirikawiri amakhala waitola pa YouTube.

Tiyambe ndi liwu lenilenilo. Ife timati mpatuko, ndipo liwu lathuli limabwera kale ndi chithunzi chake, pali msewu waukulu woongoka umene aliyense akuuona, wina nkupatuka kulowa kanjira kakutchire. Ndiye ukangomutchula munthu kuti wampatuko mlandu waweruza kale, wanena kuti msewuwo ndi wako. Koma liwu la Chigiriki limene linadzasanduka chitonzo chimenechi, hairesis, poyamba silinali lotukwana ayi. Linkangotanthauza kusankha, kapena gulu la anthu amene asankha kutsata mphunzitsi wakutiwakuti. M'buku la Machitidwe liwu lomweli likunena Asaduki pa 5:17, likunena Afarisi pa 15:5, ndipo pa 24:5 loya amene ankaneneza Paulo akulinena kwa Akhristu enieniwo, kuti ndi kagulu ka Anazarene. Eya, oyamba kuonedwa ngati kagulu kapambali anali Akhristu onse, Petro ndi Paulo omwe, pamaso pa Ayuda anzawo. Ndipo mkati mwa mpingo momwemo kusiyana kunayamba kukadali m'mawa, werengani 1 Akorinto 1:12 muone ena akuti ine ndi wa Paulo ena ine ndi wa Apolo, werengani Agalatiya 2 muone Paulo akumudzudzula Petro maso ndi maso ku Antiokeya pa nkhani ya kudya ndi anthu osadulidwa.

Amene anagwedeza mpingo kwenikweni anali Marcion, mwini zombo wa ku Sinope m'mbali mwa nyanja ya Black Sea, munthu wandalama zake. Anafika ku Roma cha m'ma 140 nkupereka ku mpingo chopereka cha masesterce (ndalama za Aroma) 200,000, pamene msilikali wa Roma nthawi imeneyo ankalandira 1,200 pachaka, muwerengere nokha. Chiphunzitso chake chinali choti Mulungu wa Chipangano Chakale amene analenga dziko ndi wina, wamalamulo ndi wobwezera, ndipo Atate wa Yesu ndi winanso, wachikondi, amene dziko linali lisanamudziwepo. Chipangano Chakale chonse anachitaya, nkutsala ndi Luka wodulidwadulidwa ndi makalata 10 a Paulo basi. Mu 144 mpingo wa ku Roma unamuchotsa, ndalama yake nkumubwezera. Ndimafuna tsiku lina nditaona komiti ya zomangamanga ya masiku ano ikubweza cheke choterocho, koma imeneyo ndi nkhani ina. Marcion sanathere pompo, anayambitsa mipingo yake yokhala ndi mabishopu ake ndi ofera chikhulupiriro ake, ndipo inakhalapo zaka mahandiredi. Panalinso Valentinus ndi anzake amene ankati pali nzeru yachinsinsi imene Yesu anangonong'oneza ochepa, komanso ena amene ankati Yesu analibe thupi lenileni, ankangooneka ngati munthu.

Ndiye funso lanu loti ankadziwa bwanji, amene analiyankha momveka ndi Irenaeus, bishopu wa ku Lyon ku France wa lero, cha m'ma 180. Iyeyu ali mnyamata anamumvapo Polycarp wa ku Smyrna akulalikira, ndipo Polycarp ankati anamuona Yohane. Yankho lake linali ngati la nkhalamba ya pabwalo pakakhala mlandu wa ufumu. Mukuti atumwi anasiya chinsinsi? Chabwino, akanachisiya kwa ndani ngati si kwa anthu amene anawasiyira mipingo? Tiyeni tikafunse ku mipingo imene inayambidwa ndi atumwi, titchule atsogoleri ake mmodzimmodzi kuti uyu analowa m'malo mwa uyu, ndipo iye anatchuladi mzere wa ku Roma mpaka bishopu wa masiku ake. Kenako tione zimene munthu amavomereza poyera pobatizidwa, Mulungu mmodzi wolenga zonse, Yesu amene anabadwa ndi thupi nafa nauka, ndi Mzimu Woyera. Kenakonso tione mabuku amene amawerengedwa poyera popemphera, iye anaumirira kuti Mauthenga Abwino ndi anayi, osachotsera osaonjezera. Mfundo yake yaikulu inali yoti choona ndi chija chakale, chapoyera, chopezeka paliponse, pomwe chonyenga ndi chatsopano, chamseri, cha munthu mmodzi.

Taonani chaka chake, 180. Constantine kunalibe, anadzabadwa patatha zaka pafupifupi 90. Mpingo unalibe apolisi olo ndende, iwo ndi amene ankamangidwa, bishopu amene Irenaeus analowa m'malo mwake anafera m'ndende pa chizunzo cha ku Lyon cha 177. Ndipo zoti Yesu ankapembedzedwa ngati Mulungu, umboni wake ukuchokera ngakhale kwa mdani, Pliny bwanamkubwa wa chigawo cha Bithynia analembera mfumu Trajan cha m'ma 112 kuti Akhristu amakumana kusanache nkumaimbira Khristu nyimbo ngati kwa mulungu. Zaka zoposa 200 msonkhano wa ku Nicaea usanachitike. Ndiye apa mnzanuyo wagwa nayo.

Koma tisamachite ngati zonse zinali zoyera ngati ufa woyera. Pali kachenjerero kena kamene kanayamba nthawi yomweyo, ndipo kwa ine ndi kamene kali pamtima pa nkhani yonseyi, kupatsana mayina. Marcion sankadzitcha wa chi Marcion, ankadzitcha Mkhristu. Valentinus chimodzimodzi. Ndi otsutsana nawo, monga Justin amene anaphedwa ku Roma cha m'ma 165, amene anayamba kunena kuti awa tiziwatchula ndi dzina la amene anawayambitsa, ngati mmene amatchulira magulu a anthu anzeru zachigiriki. Ukamutchula munthu ndi dzina la mphunzitsi wake wamulanda dzina la Khristu, wanena kuti chipembedzo chake chinayamba dzulo ndi munthu wakuti. Ndipo mpeni umenewu unkacheka mbali zonse. Ku Edessa, mzinda umene pano ndi Urfa ku Turkey, Ephrem wolemba nyimbo za mpingo ankadandaula m'zaka za m'ma 300 kuti gulu lake, limene ife lero tingati la chiphunzitso choona, anthu ankalitchula kuti a Palut, kutengera bishopu wawo wakale dzina lake Palut. Kumeneko iwo ndi amene ankaoneka ngati kagulu ka munthu. Nkhani ngati imeneyi ndi imene inamupangitsa Walter Bauer, katswiri wa ku Germany, kulemba mu 1934 kuti m'madera ena chimene chinadzatchedwa mpatuko ndi chimene chinafika poyamba. Ine ndimaona kuti Bauer anakokomeza, malo ambiri anamanga nyumba yaikulu pa umboni wochepa, komabe anatitsegula maso kuti msewu waukulu uja sunali wolimidwa kale ndi thalakitala aliyense akuuona, unkalimidwa anthu ali mkati mokangana.

Tsopano tifike pa Nicaea. Nkhani inayambira ku Africa konkuno, ku Alexandria ku Egypt, cha m'ma 318. Arius anali wansembe wa tchalitchi cha Baucalis, kwawo kunali ku Libya, munthu wamkulu kale, wodziletsa, wodziwa kulankhula, anthu ankamukonda. Iye sankanena kuti Yesu ndi munthu wamba ayi, apa ndi pamene ambiri amasochera. Ankavomereza kuti Mwana analipo dziko lisanalengedwe ndipo zonse zinalengedwa kudzera mwa iye. Chimene ankakana nchoti Mwana alibe chiyambi. Ankati wopanda chiyambi ndi mmodzi yekha, Atate, ndiye ngati Mwana anabadwa ndiye kuti panali pamene kunalibe. Ndipo mavesi anali nawo, Miyambo 8:22 imene m'Baibulo la Chigiriki imati Ambuye anandilenga, Yohane 14:28 yoti Atate ndi wamkulu kuposa ine, Marko 13:32 yoti tsikulo ngakhale Mwana salidziwa, Akolose 1:15. Bishopu wake Alexander nayenso anali ndi ake, Yohane 1:1, Yohane 10:30, ndi funso loti nanga Mulungu anakhalapo nthawi ina wopanda Mawu ake ndi Nzeru yake? Mwaona vuto lake eti, apa sipanalinso wotaya Chipangano Chakale kapena wobwera ndi buku lachinsinsi, onse Baibulo limodzi, ubatizo umodzi, onse ali mu mzere wa mabishopu, muyeso wa Irenaeus uja unakanika kuwalekanitsa. Arius anaika chiphunzitso chake m'nyimbo zoti amalinyero ndi ogaya tirigu aziimba pantchito, nkhani nkufalikira ngati moto wolusa. Patapita zaka zambiri Gregory wa ku Nyssa anadandaula za mzinda wa Constantinople kuti ukafunsa chenje akuuza za wobadwa ndi wosabadwa, ukafunsa mtengo wa buledi akuti Atate ndi wamkulu, ukafunsa ngati madzi osamba atentha akuti Mwana anachokera kopanda kanthu. Ndiye gulupu yanu ya WhatsApp ija si yoyamba.

Constantine anali atangomaliza kugonjetsa mfumu inzake Licinius mu 324 nkukhala mfumu ya dziko lonse la Roma, ndipo chimene ankafuna ndi bata. Analembera kalata Alexander ndi Arius onse awiri, nkuwauza kuti mukukangana pa kanthu kachabechabe, wofunsayo sakanafunsa woyankhayo sakanayankha, gwirizanani. Ameneyu ndi munthu woti anapanga chiphunzitso? Kalata itakanika anaitanitsa mabishopu ku Nicaea mu 325, malo amene pano ndi Iznik ku Turkey, mayendedwe boma linalipira. Mwambo umati anali 318, nambala yofanana ndi anyamata a Abrahamu pa Genesis 14:14, koma amene analipo eni ake anatchula manambala osiyanasiyana, pakati pa 250 ndi 300. Ambiri anali akum'mawa, bishopu wa ku Roma Sylvester sanabwere, anatuma ansembe awiri. Ena mwa iwo anali ndi zipsera za chizunzo cha Diocletian chimene chinayamba mu 303, anthu oti anakana kugonjera mfumu ina dzulodzuloli, ndiye zoti akanangogwedeza mutu kusintha Mulungu wawo chifukwa mfumu yatsopano yawakonzera phwando, ine zimandivuta.

Pamene mnzanuyo walasa ndi apa. Liwu limene linamanga mlandu, homoousios, mulibe m'Baibulo, ndipo Eusebius wa ku Caesarea amene analipo analembera mpingo wake kuti mfumu yomwe inalimbikitsa kuti liwulo lilowe. Tanthauzo lake ndi loti chimene Atate ali, Mwana ali chomwecho. Mayi amaumba mbiya komanso amabereka mwana, mbiya olo ikongole bwanji ndi dongo, mwana ndi munthu ngati mayi wake, nchifukwa chake mumati wobadwa osati wolengedwa. Athanasius, amene nthawiyo anali dikoni wa Alexander, anadzafotokoza kuti anayesa kaye mawu a m'Baibulo okhaokha koma liwu lililonse akalitchula a mbali inayo ankangotsinzinirana maso kuti limenelo tivomera, tili ndi tanthauzo lathu. Ndiye anafuna liwu loti Arius sangalimeze. Amene anakana kusaina anali awiri okha, Secundus ndi Theonas, onse a ku Libya kwawo kwa Arius, ndipo mfumu inawathamangitsa limodzi ndi Arius. Apa mphamvu ya boma inalowadi, ndipo ena anasaina mtima uli kwina. Constantine analamulanso kuti mabuku a Arius awotchedwe, wobisa aphedwe, ndipo omutsatira azitchedwa a Porphyry, dzina la munthu wachikunja amene analemba zonyoza Chikhristu. Mayina aja abweranso. Koma za mabuku a m'Baibulo, zoti anasankha Mauthenga anayi nkutaya ena, sizinakambidwe nkomwe ku Nicaea. Zina zimene anakambirana ndi tsiku la Pasaka, kugawanika kwa mpingo wa ku Egypt, ndi malamulo 20 a kayendetsedwe ka mpingo.

Nkhani ikanathera pompa bwenzi ndikuti mnzanuyo ali ndi theka la choona. Koma taonani zimene zinatsatira, zimene pa YouTube sakamba. Patapita zaka pafupifupi zitatu Eusebius bishopu wa ku Nicomedia, mnzake wamkulu wa Arius amene mfumu inamuthamangitsanso msonkhano utatha, anali atabwerera pampando wake. Athanasius anakhala bishopu wa Alexandria mu 328, ndipo mu 335 msonkhano wa mabishopu ku Tyre unamuchotsa. Anamuneneza zambiri, kuphwanya chikho cha mgonero, kumenya anthu, mpaka kupha bishopu wina dzina lake Arsenius nkudula dzanja lake kukachitira zamatsenga, dzanja louma ankayenda nalo ngati umboni. Athanasius anamupeza Arsenius kumene ankabisala nkumubweretsa wamoyo ndi manja ake onse awiri, nkufunsa ngati Mulungu anamupatsa lachitatu. Koma musamuone ngati mwanawankhosa, kalata ina yakale imene inapezeka ku Egypt ikusonyeza kuti anthu ake ankamenyadi ndi kutsekera a gulu lotsutsana naye. Chimene chinamugwetsa pamaso pa mfumu sichinali chiphunzitso, anamunena kuti waopseza kutseka zombo za tirigu zopita ku Constantinople, ndipo Constantine yemwe uja anamuthamangitsira ku Trier ku Germany wa lero. Arius anali pafupi kulandiridwanso mu mpingo mu 336 pamene anafa mwadzidzidzi ku Constantinople, adani ake ankati anafera m'chimbudzi matumbo atatuluka ngati Yudasi, koma wofalitsa nkhaniyo ndi Athanasius amene sanalipo. Ndipo mu 337 Constantine ali pafupi kufa, amene anamubatiza ndi Eusebius wa ku Nicomedia, mnzake wa Arius uja.

Mwana wake Constantius ndiye anachita kuikapo mtima kuti liwu la homoousios lichoke. Mu 359 anasonkhanitsa mabishopu ku Rimini ndi ku Seleucia, a ku Rimini anawasunga miyezi osawalola kubwerera kwawo mpaka atasaina chikhulupiriro chongoti Mwana ndi wofanana ndi Atate, Jerome anadzalemba kuti dziko lonse linabuula podzipeza kuti lasanduka la Arius. Athanasius anathamangitsidwa kasanu, zaka pafupifupi 17 zonse pamodzi, nthawi zina akubisala kwa amonke m'chipululu. Dzanja la Constantius linafika mpaka ku Ethiopia, analembera kalata mfumu Ezana ya ku Aksum kuti bishopu wawo Frumentius, amene anadzozedwa ndi Athanasius, atumizidwe ku Alexandria akayesedwenso chikhulupiriro ndi bishopu watsopano. Ndiye ngati lamulo likanakhala loti chimene mfumu yakonda ndiye choona, inu ku Zomba bwenzi mukunena chikhulupiriro cha 359 osati cha ku Nicaea. Mafumu anakankha mbali inayo zaka zambiri koma sinakhazikike.

Chinanso, anthu amene timawaunjika pamodzi kuti a Arius ambiri sankadziona choncho. Mabishopu amene anakumana ku Antioch mu 341 ananena poyera kuti ife sititsatira Arius, tingatsatire bwanji wansembe ife tili mabishopu? Ambiri mwa iwo ankangoopa kuti liwu la homoousios likuwasandutsa Atate ndi Mwana kukhala munthu mmodzi wovala zovala ziwiri. Ena anabwera ndi homoiousios, kusiyana kwake kachilembo kamodzi, kutanthauza wofanana osati mmodzi. Athanasius ndi amene anawamata onse dzina la Arius, ndipo dzinalo linamata mpaka lero. Chimene chinadzathetsa mkangano ndi ntchito ya mutu imene anagwira Basil wa ku Caesarea ndi ma Gregory awiri a ku Cappadocia, kupeza kanenedwe koti umulungu ndi umodzi koma Atate si Mwana, Mwana si Mzimu, atatu enieni. Apo ndi pamene amantha aja anayamba kubwera. Ndipo mfundo imene ine ndimaona kuti inapambana payokha, popanda lupanga, ndi iyi: mpingo unkabatiza kale m'dzina la Mwana, unkapemphera kwa iye, unkamuimbira, ndiye ngati ali wolengedwa olo akhale wamkulu bwanji ndiye kuti Akhristu akhala akupembedza cholengedwa, chinthu chomwecho chimene ankafera pokana.

Koma lupanga linabweranso, nthawi ino kumbali ya Nicaea. Mu 380 mfumu Theodosius inatulutsa lamulo ku Thessalonica loti amene akukhulupirira ngati Damasus wa ku Roma ndi Peter wa ku Alexandria ndi okhawo oyenera dzina la Akhristu a Katolika, ena onse ndi amisala, azisenza dzina lamanyazi la ampatuko, ndipo malo awo osonkhanira asatchedwe matchalitchi. Mwaona, dzina tsopano likuperekedwa ndi boma ngati laisensi. Patangopita zaka zochepa Priscillian wa ku Spain anadulidwa mutu ku Trier mabishopu anzake atamuneneza, ngakhale Martin wa ku Tours ndi Ambrose wa ku Milan zinawanyansa. Julian, mfumu imene inasiya Chikhristu, anali atawadziwa kale anthuwa, atalowa ufumu mu 361 anangoitana mabishopu onse othamangitsidwa kuti abwerere, ndipo wolemba mbiri Ammianus akuti ankadziwa kuti palibe chilombo cholusira munthu ngati mmene Akhristu amalusirana okhaokha. Komabe chikhulupiriro cha mbali yoluza sichinafe ndi lamulolo, bishopu Ulfilas anali atachitengera kale kwa a Goth, mtundu wa anthu akumpoto kwa ufumu wa Roma, nkuwamasulira Baibulo m'chinenero chawo, ndipo kwa a Goth ndi a Vandal chinasanduka chizindikiro choti ife si Aroma. A ku Spain anachisiya mu 589.

Nthawi zina mkangano sunali wa chiphunzitso nkomwe. Ku Carthage, Tunisia wa lero, mpingo unang'ambika cha m'ma 311 chifukwa ena ankati bishopu Caecilian anadzozedwa ndi munthu amene anapereka mabuku oyera kwa boma nthawi ya chizunzo. Mbali ya Donatus, bishopu wotsutsana ndi Caecilian, inkati manja odetsedwa sangabatize, ndipo madera ambiri a ku Numidia, Algeria wa lero, iwo ndi amene anali ochuluka. Za Utatu ankakhulupirira chimodzimodzi ndi anzawowo. Iwonso ankadzitcha mpingo wa Katolika, dzina loti a Donatus anapatsidwa ndi adani, iwo nkumabwezera kuti inu ndinu opereka. Chosekesa nchoti amene anayamba kukadandaula kwa mfumu ndi iwowo, ataluza ndi pamene Donatus anafunsa kuti mfumu ili ndi chiyani ndi mpingo. Pa msonkhano wa ku Carthage mu 411 panafika mabishopu oposa 500 mbali zonse ziwiri, ndipo a Donatus anakana kukhala pansi limodzi ndi anthu amene ankawaona ngati ochimwa. Augustine, bishopu wa ku Hippo amene ndimamulemekeza pa zambiri, apa anandikhumudwitsa, anatenga Luka 14:23 yoti uwaumirize alowe nkuisandutsa chilolezo choti boma liziwakakamiza.

Bala lalikulu ndi la 431 ndi 451, pa funso loti umulungu ndi umunthu zimalumikizana bwanji mwa Khristu. Ku Ephesus mu 431 bishopu Cyril wa ku Alexandria anatsegula msonkhano mabishopu a ku Antioch asanafike nkumuchotsa Nestorius, bishopu wa ku Constantinople. Ku Chalcedon mu 451 zinatembenuka, anagamula kuti Khristu ndi mmodzi m'zikhalidwe ziwiri, umulungu ndi umunthu, nkumuchotsa Dioscorus wa ku Alexandria, amene analowa m'malo mwa Cyril. Akhristu ambiri a ku Egypt anakana, pamodzi ndi a ku Ethiopia, ambiri a ku Syria ndi a ku Armenia, iwo ankati umulungu ndi umunthu zinalumikizana kukhala chimodzi, nchifukwa chake mpingo wa ku Ethiopia umatchedwa Tewahedo, kutanthauza chopangidwa kukhala chimodzi. Amene anavomera Chalcedon anapatsidwa dzina loti a Melkite, anthu a mfumu. Mpingo wa ku Persia umene unamatidwa dzina la Nestorius unafika mpaka ku China mu 635. Onsewa amanena Chikhulupiriro cha ku Nicaea ngati inu, ndipo onse amadzitcha a chiphunzitso choona. Ndiye mu 1973 Papa Paul VI ndi Papa Shenouda III wa mpingo wa Coptic anasaina chikalata chovomereza limodzi kuti Khristu ndi Mulungu weniweni ndi munthu weniweni, mu 1994 Papa John Paul II ndi Mar Dinkha IV wa mpingo wa ku Persia uja anachitanso chimodzimodzi, nkuvomereza kuti kusamvana kwakukulu kunali pa kanenedwe. Zaka 1,500 akutchulana ampatuko. Paja amati mlandu suwola, Origen, mphunzitsi wamkulu wa ku Alexandria amene anazunzidwa chifukwa cha Khristu nafa cha m'ma 254 ali mu mpingo, anadzamutemberera mu 553, patatha zaka 300 ali m'manda.

Ndiye ine ndikaima pati? Chikhulupiriro cha ku Nicaea ndimachinena ndi mtima wonse, ndipo ndimaona kuti pa mkangano wa Marcion ndi wa Arius mbali imene inapambana inalidi ndi mfundo yolemera. Koma sindingakunamizeni kuti njira yake inali yaukhondo, ndipo mukamawerenga za munthu wotchedwa wampatuko muzikumbukira kuti kawirikawiri mukumumva kudzera pakamwa pa mdani wake. Za Arius zatsala makalata atatu ndi zidutswa za ndakatulo yake zimene adani ake anakopera kuti azitsutse. A gulu la Valentinus tinayamba kuwamva bwino ndi mawu awoawo alimi atafukula mtsuko wa mabuku ku Nag Hammadi ku Egypt mu 1945. Kwathu kuno mumva anthu akuti a Mboni za Yehova ndi a Arius, pa mfundo yoti Mwana ali ndi chiyambi akufananadi, koma gulu lawo linayambira ku America m'zaka za m'ma 1870 ndipo palibe mzere wochokera kwa Arius kufika kwa iwo.

Chomaliza achimwene, chimene mumanena Lamulungu si ndendende cha 325. Cha 325 chinkathera pa mawu ochepa a Mzimu Woyera kenako matemberero kwa onena kuti panali pamene Mwana kunalibe. Chimene muli nachocho ndi chokonzedwanso, cha msonkhano wa ku Constantinople wa 381, wa mabishopu 150, matemberero anachotsamo nkuonjezera za Mzimu Woyera. Ndipo mukadzafika pa mzere woti ufumu wake sudzatha, mawu ochokera pa Luka 1:33, dziwani kuti umenewo sanauike chifukwa cha Arius. Anauika potsutsa Marcellus wa ku Ancyra, amene ankaphunzitsa kuti pamapeto Mwana adzapereka ufumu nkubwerera mwa Atate. Marcellus ameneyu ku Nicaea anali mbali yopambana, mmodzi mwa olimbana ndi Arius kwambiri, ndipo iye ndi Athanasius onse awiri anathawira ku Roma.